Nsomba ya Minga pa Malomo

Ine chibadwire ndine munthu wosatha kuona chinthu n'kungochisiya. Ndikaona nyerere zandanda ndimafuna ndidziwe kumene zikupita. Kwathu ku Mtengowanthenga mayi anga ankati ndinayamba kufunsa mafunso ndisanamere mano. Vuto langa lachiwiri linali pakamwa. Ndikapsa mtima mawu ankangotuluka okha, ine n'kumawamvera limodzi ndi anthu ena onse. Makhalidwe awiriwa ndinapita nawo ku Malomo pamene ananditumiza kukagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kuchoka pakhomo m'mawa, kulankhula mawu atatu olakwika pamsika, osadzaonekanso.

Mkazi wanga anatsala kumudzi chifukwa anali ndi mwana wakhanda, komanso nyumba imene anandipatsa inkadontha ngati sefa. Kuphika sindinkadziwa, ndipo sindinkafuna kudziwa. Choncho masana alionse, ndikachoka kuyendera minda, ndinkatsamiritsa njinga yanga pakhoma la lesitilanti ina pafupi ndi msika.

Lesitilantiyo inalibe dzina ngakhale chikwangwani. Anthu ankangoti "pa Amayi". Lero pamalopo pali golosale, ndipo Amayiwo anamwalira kalekale, koma ndikatseka maso ndimaonabe zonse: matebulo anayi, mabenchi osalala chifukwa chokhalidwa kwambiri, malata akale opsinjidwa ndi miyala, ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pamwamba penipeni pa khoma monga lamulo linkanenera. Mwini wake anali mayi wamfupi, wojintcha, wa mawu aakulu, woyenda mwandawala ngati nthawi zonse china chake chikupserera kukhitchini. Ngakhale nkhalamba za imvi zinkawatchula kuti Amayi. Makalata a midzi yonse yozungulira ankafikira kwa iwo. Pakagwa maliro miphika yawo ikuluikulu inkafika pasiwa anthu asanaipemphe. Azimayi oyembekezera ankadikirira galimoto ya kuchipatala pakhonde lawo, akumwa tiyi amene palibe anamuitanitsa. Za amuna awo anthu ankati ali ku Joni, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Tebulo la pafupi ndi zenera linali lathu anthu atatu. Panali ine, panali atelala amene ankasoka pakhonde la lesitilanti yomweyo, bambo wosalankhulalankhula amene nthawi zambiri anali ataluma mapini, ndiye panali aphunzitsi a pasukulu ya pulaimale, munthu wamtali wokonda kutsutsa chilichonse. Mukanena kuti kukutentha iwo ankati ayi, kukutentherako.

Nkhaniyi inayamba nthawi yopalira. Tsiku limenelo ndinachokera kumudzi wina kuseri kwa phiri kumene ndinapeza udzu utakwirira chimanga, azimayi onse atatengedwa kukaphunzira magule olandirira akuluakulu a chipani. Ndinapalasa njinga m'matope mtima ukuwira.

"Amayi, nyemba!" ndinafuula ndisanakhale n'komwe. Kenaka ndinatembenukira kwa anzanga aja. "Aphunzitsi, inu ndinu ophunzira, tandiuzani. Kodi chimanga chimakula ndi ng'oma? Mudzi wathunthu makasu ali pakhonde, azimayi ali kovina. Njala ikadzabwera adzadya..."

Mbale inatera patsogolo panga kuti gwa! Munali ntchila yowamba, yophikidwa bwino ndi tomato.

"Amayi, ine ndati nyemba."

"Nyemba zapserera, alangizi. Idyani nsombayo, mtengo ndi womwewo."

"Nanga atelalawa akudya chiyani? Si nyemba izo?"

"Amenewo adapeza za pamwamba," anatero Amayi, n'kubwerera kukhitchini.

Amene anadyapo ntchila akudziwa. Ndi nsomba yokoma, koma mnofu wake wonse ndi timinga ting'onoting'ono ta mphanda, tobisala paliponse. Munthu sangaidye akulankhula. Ine ndinayesa, poti nkhani ya magule ndinali ndisanaimalize, ndipo munga umodzi unandiima pakhosi. Ndinatsokomola mpaka misozi, atelala akundimenya pamsana, aphunzitsi akundimwetsa madzi. Munga utatsika ndinadya mwakachetechete ngati mwana wolangidwa, ndipo za magule sindinazitchulenso.

Zikanachitika kamodzi ndikanaiwala. Koma patapita masiku anayi zinachitikanso, kenaka sabata yotsatira kawiri. Masiku ena ndikati nyemba kunkabwera nyemba, ndikati nkhwani wotendera kunkabwera nkhwani. Masiku ena, kaya ndiitanitse chiyani, kunkabwera ntchila. Chidwi changa chija chinadzuka.

Poyamba ndinaganiza za Lachisanu. Ine ndine Mkatolika wa kumishoni, ndiye ndinati mwina Amayi akundithandiza kusunga mwambo. Koma nsomba inabwera Lachiwiri, ganizolo n'kufa. Ndinaganizanso kuti mwina akufuna kumaliza nsomba zogonera zisanawonongeke. Ndinainunkhiza, ndinaitembenuza, inali yabwinobwino. Komanso nsomba imeneyo ankaitenga kwa anthu a njinga ochokera ku Nkhotakota, ndipo inali yodula kuposa nyemba za m'munda mwawo. Kundipatsa pamtengo wa nyemba kunali kuluza. Ndiye ndinafika pa ganizo limene mpaka lero ndimachita nalo manyazi. Ndinati mwina Amayi andikonda. Ndinanong'oneza atelala, ndipo bambo wosasekaseka uja anaseka mpaka mapini onse anagwera pansi.

"Ndiye ndiuzeni chifukwa chake," ndinatero.

"Alangizi, idyani zimene akupatsani."

"Safunsa adadya phula, atelala."

"Ee, koma wofunsitsa naye amadya minga," anatero akutola mapini awo.

Ndinafunsa aphunzitsi. Munthu amene anali ndi yankho pa chilichonse tsiku limenelo anangoyang'ana kudenga. Koma ndinazindikira kanthu kena. Aphunzitsi nawonso masiku ena ankapatsidwa nsomba osaifuna, ndipo ankaidya osadandaula. Atelala okha sanapatsidwepo ngakhale kamodzi.

Ku sukulu ya ulangizi anatiphunzitsa kuti chinthu chikakuzunguza, uzichilemba. Mvula yagwa liti, mbewu zadzalidwa liti, mbozi zaoneka liti. Ukalemba nthawi yaitali, chinthucho chimadziulula chokha. Ndinali ndi kope la ntchito la chikuto chakuda limene ndinkayenda nalo paliponse, ndiye ndinatsegula masamba a kumapeto n'kuyamba. Ndinkalemba tsiku, chimene ndaitanitsa, chimene chabwera, mmene kunja kwachera, ndi anthu onse amene anali m'lesitilantimo. Pambuyo pake ndinawonjezera mzere wina, wa nkhani imene inali kukambidwa pamene mbale inkafika. Ndinkadziona ngati katswiri.

Mwezi usanathe chinthu chija chinadziululadi. Silinali tsiku, sinali mvula. Nsomba inkabwera pokhapokha m'chipindamo mukakhala mmodzi mwa anthu atatu. Wina anali bambo wa jekete yofiirira amene ankati amagula zikopa, koma njinga yake sinanyamulepo chikopa, ndipo iye sankanunkha chikopa. Ankatha ola lathunthu ndi kapu imodzi ya tiyi. Wina anali mng'ono wawo wa atcheyamani a chipani a m'deralo. Wachitatu anali mlendo aliyense wa nsapato zoyera nthawi ya matope. Anthu amenewa akalowa, aliyense wa pakamwa pofulumira ankalandira ntchila.

Kunena zoona, sindinachite mantha. Ndinakondwa ngati mwana wogwira mbewa yoyamba. Ndinajambula mizere iwiri pansi pa yankholo. Ndipo poti ndinkafuna kutsimikiza, ndinapitiriza kulemba, pompo patebulo, ndikuyang'ana nkhope ya munthu aliyense n'kuweramira pakope. Sindinaganizeko ngakhale pang'ono mmene zimenezi zinkaonekera kwa munthu woima pakhomo la khitchini.

Lachitatu lina ndinalowa n'kupeza aphunzitsi ali pakati pa nkhani, manja ali m'mwamba, alimi awiri ndi bambo wokonza njinga akuwamvetsera. Wogula zikopa kunalibe, mlendo kunalibe. Ndinati lero ndi tsiku la nyemba. Amayi anandiyang'ana kamodzi n'kulowa kukhitchini. Potuluka anaika ntchila patsogolo pa aphunzitsi. Anaika ntchila patsogolo pa wokonza njinga, ndi patsogolo pa alimi aja. Kwa ine anabweretsa nyemba, mbale yodzaza bwino, zofewa, zamafuta.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mlendo. Ndinasuzumira kuseri kwa chitseko. Ndinatulukanso pakhonde kuona ngati pali wina waima pafupi ndi zenera. Munalibe munthu wachilendo aliyense. Chipinda chonse chinali zii, anthu akutola minga. Ndinafika pakati pa mbale ya nyembayo ndisanamvetse. Kazitape wa tsiku limenelo ndinali ine.

Choyamba ndinapsa mtima. Ine? Ine amene ndinatsala pang'ono kufa ndi munga chifukwa chonenera alimi chilungamo? Koma mkwiyo sunakhalitse, unasanduka manyazi, ndipo manyaziwo anandipweteka kuposa matenda alionse amene ndinadwalapo. Sabata yonse zinali chomwecho. Palibe anandinyoza. Moni ankandipatsa, waulemu kwambiri, ngati wopatsa mlendo wochokera ku boma. Atelala anayamba kunditchula kuti bwana. Kalata ya mkazi wanga itafika, Amayi anangoiika patebulo, pamene kale ankainyamula m'mwamba n'kumati, "Alangizi, ayamba kukuiwalani, envelopu yake yapepuka." Alimi amene ndinkaseka nawo m'minda anayamba kundiyankha kuti inde bwana pa chilichonse, ndipo mlangizi amene alimi akumuyankha kuti inde bwana, ntchito yake yatha. Ndinaganiza zosiya kudya pa Amayi, koma ndinadziwa kuti ndikatero ndiye kuti ndavomera. M'tauni yaing'ono ngati Malomo, Amayi akakuika kumbali ya makutu a boma, palibe khomo limene likanakutsegukiranso.

Tsiku lina chakumasana, anthu atabalalika, ndinazungulira kuseri. Ndinawapeza atakhala pampando waung'ono akukwecha miphika ndi mchenga. Pambali pawo panali mgolo wa madzi pamoto.

"Amayi, ndalakwa chiyani?"

"Bwanji, nyemba sizidapse?"

"Mukudziwa chimene ndikunena."

Anapitiriza kukwecha kwa kanthawi. Kenaka anati, "Alangizi, ine kusukulu sindidapiteko. Koma munthu akamayang'ana nkhope za anthu anga mmodzimmodzi n'kumalemba, sindifunika sukulu kuti ndidziwe."

Ndinaseka, mtima utapepuka. Kodi ndi zimenezo basi? Ndinasolola kope lija m'thumba. "Amayi, izi ndi za nsomba chabe! Ndimafuna ndidziwe chifukwa chimene mumandipatsira ntchila. Ndipo ndachipeza, ndekha, popanda wondiuza."

"Werengani ndimve."

Ndinatsegula monyadira n'kuyamba kuwerenga mokweza. "Lachiwiri. Ndinaitanitsa nyemba, kunabwera nsomba. Analipo wogula zikopa. Aphunzitsi anayamba kunena za makadi a chipani kuti akugulitsa ndi kwa ana osabadwa omwe. Amayi anawapatsa nsomba, anasiya. Loweruka. Wokonza njinga anati..."

Ndinasiya kuwerenga. Ndinali ndisanazimvepo ndi makutu zimene ndinkalemba. Mu kope limenelo munali mayina a onse olankhula, zimene aliyense ananena, ndi tsiku lake. Munali mayina a akazitape. Munalinso dzina la mayi amene ankatseka anthu pakamwa kuti akazitapewo abwerere chimanjamanja. Wogula zikopa akanakhala miyezi itatu ndi makapu ake a tiyi sakanatola zimene ine ndinatola kwaulere.

"Buku limenelo," anafunsa Amayi, "mwezi ukatha mumapita nalo kuti?"

"Ku ofesi, ku boma."

"Amaliwerenga?"

"Abwana amalitsegulatsegula, n'kusaina."

Amayi anaika mphika pansi n'kupukuta manja pachitenje. Ine ndinakhala pa chitsa cha nkhuni chimene chinali pamenepo.

"Bwanji simunangonditsina khutu tsiku loyamba lomwe lija?" ndinafunsa, poti ngakhale pamenepo funso silinandithere.

"Ndikutsineni khutu pamaso pa munthuyo, kuti anyamule ine? Komanso munthu ngati inu, alangizi, ukamuuza kuti khalani chete amafunsa kuti chifukwa chiyani, mokweza. Munga sufuna kufotokozera."

Anayang'ana moto uja, kenaka anapitiriza ndi mawu otsika amene ndinali ndisanawamvepo kwa iwo.

"Benchi limene mumakhalapolo n'limene ankakhalapo bambo a kuno. Pakamwa pawo padali ngati panu pomwepo, posadikira mutu. Tsiku lija m'nyumbamo mudali mlendo. Ine ndidamuona, mtima udandiuza. Bambo adaitanitsa nyemba, ine n'kuwapatsa nyemba. Nyemba munthu amameza akuyankhula. M'mawa mwake kudabwera galimoto."

"Koma anthu amati ali ku Joni."

"A ku Joni amalemba makalata, alangizi. Makalata onse a kuno amadzera m'manja mwangamu."

Ndinang'amba masamba onse a kumapeto aja, limodzilimodzi, n'kuwaponya pansi pa mgolo. Ndinawatakasa ndi kamtengo mpaka anasanduka phulusa. Nditaimirira ndinkayembekeza kuti Amayi anena kuti zatha, kapena andiseke monga kale.

"Mapepala apsa," anatero akutenganso mphika wawo. "Za munthuyo tiona."

M'mawa mwake ndinalandira nyemba, anzanga n'kulandira nsomba. Mkuja wakenso chimodzimodzi. Ndinakwiya, sindikubisa. Ndinkaona kuti ndalapa mokwanira. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti Amayi analibe njira ina. Iwo sankatha kuwerenga, ndiye akanadziwa bwanji kuti chimene ndinawawerengera ndicho chinalembedwa, kapena kuti kunyumba ndinalibe kope lina? Anali atalakwitsapo kamodzi, ndipo mtengo wake ankaudziwa.

Ku ofesi abwana atafunsa za masamba osowa ndinati mbuzi inadya kope ndili m'munda. Anandikalipira, n'kundiuza kuti ndiziika kope m'thumba ngati munthu wamkulu. Limenelo ndi bodza lokhalo limene ndinapita nalo kokalapa ndili wokondwa.

Chimanga chinakhwima, anthu anakolola, ine ndikudyabe nyemba. Kope ndinkalisiya pa njinga. Ndinaphunzira kulowa, kupereka moni, kukhala, kudya, osayang'ana nkhope ya munthu. Aphunzitsi anatopa nayo nsomba mpaka ankausa moyo ndikangotulukira pakhomo. Tsiku lina atelala, osadzutsa mutu pamakina, anati, "Alangizi, ntchila za ku Nkhotakota zithera inu." Sanatinso bwana, ndipo mawu amenewo ndinayenda nawo tsiku lonse ngati mphatso. Koma Amayi sanasinthe. Nthawi zina ndinkawapeza akundiyang'ana kuchokera pakhomo la khitchini, nkhope yosanena kanthu.

Nyengo yozizira inafika, yogulitsa fodya. Tsiku lina la msika ndinachokera kumene alimi anga ankagulitsa fodya wawo. Anali fodya amene ndinamuona kuyambira ku nazale, wosamalidwa bwino, koma ogula anamuika pa giredi yotsika, ndipo bambo wina wachikulire anakhala pansi pa chikuku chake n'kugwira mutu. Mtima unandiwira ngati tsiku la magule lija. Ndinalowa pa Amayi osaona bwino amene analimo.

"Nyemba, Amayi," ndinatero, n'kudziponya pa benchi. Ndinaiwala miyezi yonse yodziletsa ija. "Aphunzitsi, fodya uja ndinakuuzani uja, mukudziwa zimene amuchita? Anthu awa ndi..."

Mbale inatera patsogolo panga kuti gwa!

Ndinayang'ana. Inali ntchila, yaikulu, ya tomato. Nditadzutsa maso ndinaona jekete yofiirira pakona, ndi kapu yake imodzi ya tiyi.

"Nyemba zapserera, alangizi," anatero Amayi mokweza, osandiyang'ana n'komwe. "Mtengo ndi womwewo."

Aphunzitsi anaweramira pa mbale yawo, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Atelala anandigunda ndi bondo pansi pa tebulo. Ndalandirapo zinthu zambiri m'moyo uno, makalata okwezedwa pantchito ndi zina, koma palibe chinandisangalatsa ngati mbale imeneyo. Ndinasamba m'manja n'kuyamba kudya pang'onopang'ono, ndikuchotsa munga uliwonse n'kuuika m'mphepete mwa mbale, misozi ikulengeza.

Amayi anadutsa kumbuyo kwanga ndi ketulo ya tiyi kupita kwa wogula zikopa. Pobwerera anaima pang'ono.

"Mudye bwino," anatero. "Ili ndi minga."

Ndinali ndi mafunso ambiri. Ndinkafuna kudziwa kuti anandikhulupirira liti, ndi chimene anaona mwa ine. Sindinafunse, tsiku limenelo ngakhale tsiku lina lililonse. Ndinangogwedeza mutu n'kupitiriza kutola minga.